Za makhadi a neutral mu deki yako

Mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino kumeneko ndipo ntchito ikuyenda. Kuno tonse tili bwino.

Chithunzi cha deki yako ya Warrior, mulu wa makhadi amene umasewera nawo, ndachiona, ndipo dandaulo lako ndalimva, loti ukungogonja chonsecho uli ndi makhadi amphamvu. Nkhani imeneyi si yokambirana pa foni mothamanga, n'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndikulembere. Zandikondweretsa kwambiri kuti wayamba kusewera Hearthstone, masewera a makhadi amene ndakhala ndikuwakonda kuchokera pamene kampani ya Blizzard inawatulutsa mu 2014, ndipo sindikufuna kuti ugwe ulesi chifukwa cha vuto loti likhoza kukonzeka madzulo amodzi.

Vutolo lili pa makhadi a neutral, aja amene gulu lililonse, kaya Warrior, Mage kapena Priest, limaloledwa kuwagwiritsa ntchito. Waikamo Ragnaros, Dr. Boom, Sylvanas Windrunner, Leeroy Jenkins ndi Azure Drake awiri. Onsewa ndi mayina akuluakulu, ndipo palibe khadi loipa pakati pawo. Koma tayang'ana zimene lililonse likufuna. Leeroy amamenya nthawi yomweyo akangotsika pabwalo, mphamvu 6, moyo 2 wokha, kenako n'kupatsa mdani wako tiana tiwiri ta chinjoka. Khadi lotere ndi lomalizira munthu amene wamufooketsa kale, ndipo limafuna kuti masewera athe msanga. Ragnaros amadya mana 8 (mana ndi mtengo umene umalipira poponya khadi), samenya monga anzake, amangoponya moto wa 8 pa mdani mmodzi mwachisawawa ulendo wako ukamatha. Iyeyo amafuna kuti masewera atalike. Ukawaika awiriwa malo amodzi, mmodzi amakhala akungogona m'manja mwako pamene mnzake akugwira ntchito. Ndipo malo ndi ochepa: makhadi 30 okha, khadi limodzi osapitirira kawiri, la Legendary kamodzi basi.

Choyamba kudziwa ndi chakuti njira yopambanira imachokera ku gulu lako, osati ku makhadi a neutral. Amenewa uziwaona ngati aganyu. Munthu salemba waganyu chifukwa choti ndi wotchuka m'mudzi. Amayamba wayendera munda wake, n'kuona pamene manja a pakhomo sakukwanira, ndiyeno n'kuitana wodziwa ntchito imeneyo. Choncho usanatsegule tsamba la neutral, yala makhadi a Warrior okhaokha, uone chimene ali nacho ndi chimene akusowa.

Warrior ali ndi zida, ali ndi armor yomuteteza, ali ndi Execute ndi Shield Slam zophera msilikali wamkulu pa mtengo wochepa, ali ndi Brawl yosesa bwalo n'kusiyapo mmodzi. Chimene ankavutika nacho kalelo chinali kudzaza manja. Ukapha msilikali aliyense ndi khadi lakelake, posakhalitsa umapezeka ulibe choponya. Apa ndi pamene osewera ankatengera Acolyte of Pain, kakhadi ka neutral kosaoneka bwino n'komwe: mana 3, mphamvu 1, moyo 3, koma nthawi iliyonse kakavulazidwa umatenga khadi latsopano. M'manja mwa Hunter kakhadi kameneka n'kachabechabe. M'manja mwa Warrior, amene ali ndi Whirlwind yovulaza asilikali onse pabwalo ndi 1 pa mana imodzi yokha, kamasanduka kasupe. Umakatsitsa, kuponya Whirlwind, kutenga khadi, ndipo Whirlwind yemweyo wavulaza kale msilikali wamkulu wa mdani moti Execute akhoza kumumaliza. Ntchito ziwiri zatheka ndi mana ochepa. Ndimafuna uzisankha makhadi a neutral ndi maso amenewa.

Chitsanzo chachikulu cha zimenezi chinaoneka mu 2015. M'makhadi atsopano a Blackrock Mountain munatuluka Grim Patron, wa mana 5, mphamvu 3, moyo 3, amene akavulazidwa koma osafa amaitana Grim Patron mnzake. Gulu lililonse linali ndi ufulu womutenga, koma amene anamupindulira kwenikweni ndi Warrior, chifukwa ndiye anali ndi njira zambiri zovulazira asilikali ake omwe pang'onopang'ono. Patron mmodzi ankasanduka awiri, awiri n'kukhala anayi, mpaka bwalo, limene limalola asilikali 7, kudzaza. Pamwamba pake panali Warsong Commander, khadi la Warrior limene linkachititsa asilikali a mphamvu yosapitirira 3 kumenya nthawi yomweyo. Deki imeneyi inavuta kwambiri mpaka Blizzard inasintha Warsong Commander mu October chaka chomwecho. Taona kuti sanakhudze Patron. Mphamvu sinali mwa iye payekha, inali pa kukumana kwake ndi makhadi a gulu.

Magulu ena ndi chimodzimodzi, ndipo ndi bwino uwadziwe chifukwa ukumana nawo. Priest ankakonda Injured Blademaster, wa mana 3 ndi moyo 7, amene amadzivulaza yekha ndi 4 akamatsika. Priest amangomuchiritsa ndi Circle of Healing, khadi losadya mana, n'kukhala ndi chimphona masewera akungoyamba. Rogue, amene ali ndi matsenga ambiri otsika mtengo, ankadalira Gadgetzan Auctioneer, wopatsa khadi nthawi iliyonse ukaponya matsenga. Warlock safuna makhadi odzazira manja chifukwa mphamvu yake, Life Tap, imamupatsa khadi pa mana 2, kungoti imamudyera moyo 2. Iye chimene amasowa ndi mankhwala, n'chifukwa chake ankatenga Antique Healbot wobwezera moyo 8. Khadi limene ndi chakudya kwa Warlock likhoza kukhala katundu wolemetsa kwa iwe amene uli kale ndi armor.

Tsopano Azure Drake wako uja. Amakupatsa khadi akamatsika, zimenezo n'zabwino, komanso amawonjezera 1 pa matsenga ovulaza. Kwa Mage kapena Rogue kuwonjezerako ndi phindu lenileni. Kwa iwe, Whirlwind amayamba kuvulaza ndi 2 m'malo mwa 1, ndipo akhoza kupha asilikali ako omwe amene umangofuna kuwakanda. Ukulipira mana 5 pa khadi limene theka la ntchito yake silikukuthandiza, mwinanso likukupweteka. Ndikanakhala ine ndikanawachotsa onse awiri.

Sylvanas yekha ndi amene ndingamusiye popanda kukayika ngati wasankha njira yodekha. Akafa amalanda msilikali mmodzi wa mdani. Ukamutsitsa kenako n'kuponya Brawl, ngati wotsala pabwalo ndi iyeyo, zili bwino. Ngati wafa ndipo wotsalayo ndi wa mdani, amabwera kwa iwe. Apa khadi la neutral ndi khadi la gulu zikukokera mbali imodzi.

Palinso nkhani ya mana imene sindikufuna uinyalanyaze. Umayamba ndi mana imodzi, n'kumawonjezeka imodzi ulendo uliwonse mpaka 10. Deki yako yalemera kumtunda: makhadi a mana 6, 7 ndi 8 ndi ambiri, a 2 ndi 3 ndi owerengeka. Woyamba kusewera amapatsidwa makhadi atatu, wachiwiri anayi ndi Coin, khadi lowonjezera mana imodzi kwa ulendo umodzi. Ngati mwa amenewo muli Ragnaros ndi Dr. Boom, ukhala ukungokanikiza Armor Up, mphamvu ya Warrior yowonjezera armor, mnzako akudzaza bwalo, ndipo pofika ulendo wachisanu ndi chiwiri moyo wako 30 uja udzakhala utatsala pang'ono. Makhadi a neutral amathandiza kwambiri kutseka mipata yotereyi, ndipo nthawi zambiri otseka bwino ndi aja opanda dzina. Chillwind Yeti, mana 4, mphamvu 4, moyo 5, alibe matsenga alionse, koma m'masiku oyambirira ankapha asilikali awiri asanagwe. Sen'jin Shieldmasta ndi Sludge Belcher ali ndi Taunt, amaima pakhomo kuti mdani asakufike. Lero kuli ena oposa amenewa, koma ntchito yake ndi yomweyo: kukusunga ndi moyo kufikira makhadi ako akuluakulu atafika nthawi yake.

Mtundu wina wa makhadi a neutral ndi aja opangidwira kuthana ndi chinthu chimodzi. Acidic Swamp Ooze amawononga chida cha mdani. Harrison Jones amachiwononganso n'kukupatsa makhadi. Big Game Hunter amapha msilikali wa mphamvu 7 kapena kuposerapo. Ironbeak Owl amafufuta zolembedwa pa msilikali. Amenewa amakopa, chifukwa tsiku limene agwira ntchito umamva kukoma kwambiri ndipo suiwala. Zimene umaiwala ndi masewera ambirimbiri amene anangokhala m'manja. Lamulo langa ndi ili: usaike khadi lotere chifukwa cha kugonja kumodzi kumene kwakupweteka mtima. Tenga pepala, uzilemba gulu la munthu aliyense amene wakumana naye kwa sabata. Ukaona kuti ambiri ndi Rogue, Warrior ndi Paladin, onyamula zida, Ooze alowe. Ukaona Mage ndi Priest ndi amene achuluka, asalowe. Ndipo pakati pa makhadi awiri otere, sankha limene likhoza kuima palokha ngakhale ntchito yake itasowa. Ooze ndi wabwino pa chifukwa chimenechi: mana 2, mphamvu 3, moyo 2, ngakhale mdani alibe chida sunataye kanthu.

Pamene makhadi a Goblins vs Gnomes anatuluka mu December 2014, Dr. Boom analowa pafupifupi mu deki iliyonse, ndipo poti mphamvu yake inali 7, Big Game Hunter anamutsatira kulikonse. Madeki a magulu osiyana anayamba kufanana. Eni masewera sakonda zimenezi. Mu 2016 anakweza mtengo wa Big Game Hunter kuchoka pa mana 3 kufika pa 5, ndipo mu 2017 anachotsa Azure Drake, Sylvanas ndi Ragnaros mu Standard, kaseweredwe kamene kankalola makhadi oyambirira ndi atsopano okha, n'kuwaika mu Hall of Fame, mndandanda wa makhadi opumitsidwa, kwakukulu chifukwa ankapezeka paliponse n'kumatsekereza makhadi ena. Iwe umasewera mu Wild, kaseweredwe kolola makhadi akale omwe, momwe onsewa amaloledwa, koma dziwa kuti khadi la neutral likamapezeka mu deki ya aliyense, anzako amakhala atakonzekera kale kuthana nalo. Komanso manambala amasinthidwa nthawi ndi nthawi, choncho uziwerenga zolembedwa pa khadi lomwe lili patsogolo pako. Amene ndakupatsa pano ndi a nthawi imene makhadiwo ankatchuka.

Unandifunsanso za Reno Jackson. Iyeyu ndi wa mtundu wina, ndipo usamutenge mopepuka. Anatuluka m'makhadi a League of Explorers mu November 2015, ndipo amabwezera moyo wako wonse ngati mu deki mulibe makhadi awiri ofanana. Ndiye kuti ukamufuna, Execute akhala mmodzi, Shield Slam mmodzi, Brawl mmodzi. Deki yonse imamangidwa momuzungulira. Prince Keleseth wa 2017 naye ndi wotero: amalimbikitsa asilikali onse a mu deki, koma pokhapokha ngati mulibe khadi lina la mana 2. Makhadi awa salowa mu deki yomangidwa kale. Warlock ankakwanitsa Reno chifukwa Life Tap imamuthandiza kumupeza msanga. Iwe uyambe wazolowera deki wamba, za Reno tidzakambirana ukadziwa bwino makhadi a gulu lako.

Kunena za ndalama, pano ndikuyankhula ngati bambo ako. Kupanga khadi la Legendary kumafuna dust 1600 (dust ndi ufa umene umaupeza ukaphwanya makhadi), koma ukaliphwanya amakubwezera 400 yokha. La Rare ndi 100, la Common ndi 40. Anthu amati Legendary wa neutral ndi wopindulitsa chifukwa amagwira ntchito m'magulu onse, ndipo pali choona pamenepo, koma ngati iwe umasewera Warrior yekha phindu limenelo silikukhudza. Dust ya Legendary mmodzi ikhoza kukupangira makhadi a Rare 16. Usaphwanye amene uli nawo kale, ingowaika pambali, ndipo usatenge ndalama ya malipiro ako kugula mapaketi pofuna kukonza deki imene vuto lake si kusowa makhadi. Kuchokera mu 2021 pali Core set, mulu wa makhadi umene osewera amaupeza osalipira, ndipo uyambe wafufuza mmenemo.

Ndiye chita izi. Sankha kaye ngati ukufuna Warrior wodekha kapena wothamanga. Poona mmene umaganizira, ndikuona kuti wodekha ndi amene angakuyenere. Ngati ndi choncho, Leeroy atuluke pamodzi ndi Azure Drake awiri aja. Pakati pa Ragnaros ndi Dr. Boom usiye mmodzi. Malo anayi amenewo uike Acolyte of Pain awiri ndi asilikali awiri a Taunt a mana 4 kapena 5. Usasinthe china chilichonse mpaka utasewera mokwanira kuti uone kusiyana kwake, chifukwa ukasintha makhadi khumi nthawi imodzi sudziwa limene lathandiza.

Ukamaliza unditumizire chithunzi chatsopano pamodzi ndi pepala la magulu amene wakumana nawo. Lamlungu madzulo ndidzakhala pakhomo, tidzasewere awiri. Ndidzatenga Rogue kuti uone ngati Ooze akufunika. Amayi ako akupereka moni ndipo akuti uwaimbire.

Ndine,
Bambo ako