Kwa oyendetsa telecentre ya m'dera lathu: bwezani K20,500 ya mwana wanga

Akuluakulu amene mumayendetsa telecentre ya m'dera lathu, nyumba ija yophunzirirako makompyuta ndi kugwiritsirako ntchito intaneti, ndalemba pano patsamba lanu la Facebook chifukwa nambala ya foni imene mudamata pachitseko siyankhidwa, komanso ndikufuna kuti anthu amene amaona zithunzi zokongola zimene mumaika pano adziwe momwe mumalandirira anthu akumudzi akafika pamalo anuwo.

Nthawi yokolola ndidagulitsa soya wanga kuti mwana wanga wamkazi, amene adalemba mayeso a Fomu 4, aphunzire kompyuta. Ndidalipira K18,000 ya maphunziro ndi K2,500 ya fomu yolembetsera, ndipo malisiti onse awiri ndili nawo, odindidwa chidindo chanu. Mudati maphunziro ayamba sabata yotsatira. Kuyambira pamenepo mwanayo wakhala akubwezedwa, lero mabatire a sola afa, mawa mphunzitsi wapita kuboma, mkuja netiweki palibe, mpaka mvula yayandikira asadakhudzeko ngakhale batani limodzi.

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi zimene ndidakumana nazo nditapita ndekha kukafunsa. Ndidakwera kabaza ndi mwanayo, K9,000 kupita ndi kubwera, ndipo tidafika m'mawa ndithu. Makompyuta onse adali ofundidwa zitenje, fumbi lili mbuu pamwamba pake, ndipo pasoketi imodzi yokha imene inkagwira ntchito padali mafoni a anthu amene ankatchajitsa molipira. Mayi amene adali padesiki sadayankhe moni wanga. Nditayala malisiti patebulo, adawakankha ndi chala maso ali pafoni yake, nkunena kuti, "Inu a kumudzi kompyuta mukufuna mukapange nayo chiyani? Mwanayu akangokwatiwa basi." Adalankhula mawu amenewa pamaso pa mwana wanga ndi pa anyamata amene ankadikira mafoni awo, ndipo ena adaseka. Mwanayo adangozyolika, misozi ili m'maso, ndipo njira yonse yobwerera sadalankhule kanthu. Ine ndine munthu wamkulu, ndanyozedwapo m'maofesi, koma kunyoza mwana amene akufuna kuphunzira, pamalo amene adamangidwira iyeyo, ndi chinthu chimene sindingachilekerere.

Abale amene mukuwerenga, tandiuzani ngati ndikulakwa. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti anthu 84 mwa 100 aliwonse m'dziko muno amakhala kumudzi, ndiye ngati a kumudzi sayenera kompyuta, nyumbayo idamangidwira yani? Lamulo la zamauthenga la mu 2016 lidakhazikitsa thumba la Universal Service Fund kuti mafoni ndi intaneti zifike kumadera amene makampani sakuonako phindu, ndipo ndalama za thumbali zimachokera kumakampani omwewo amene ife timagulako mayunitsi tsiku ndi tsiku. Mu 2017 World Bank idavomereza ngongole ya madola 72.4 miliyoni ya pulojekiti ya Digital Malawi, imene mwa zina idalonjeza intaneti m'malo aboma ndi kuphunzitsa achinyamata luso la makompyuta, ndipo ngongoleyo adzabweza ndi ana omwewa amene mukuwathamangitsa. Masiku ano kufunsira malo kusukulu zaukachenjede kapena ntchito kumafuna imelo ndi intaneti, choncho mwana wakumudzi akatsekeredwa khomo limeneli watsekeredwa zambiri. Boma likhoza kumanga nyumba, kugula makina ndi kukoka mawaya, koma zonsezo zimathera padesiki pamene munthu mmodzi wamwano wakhala.

Ndikupempha zinthu zosavuta. Mundibwezere K20,500 yanga yonse, osadulako ngakhale tambala, chifukwa palibe phunziro limene lidachitika. K9,000 ya kabaza ndikuiwerengeranso kwa inu, popeza mukadayankha foni ulendowo sukadakhalapo. Mayi uja apepese kwa mwana wanga pamaso, monga momwe adamunyozera pamaso pa anthu. Ndipo muuze anthu poyera kuti ndalama zotchajitsa mafoni ndi za ana ena amene adalembetsa limodzi ndi wanga zikupita kuti, pamene mukunena kuti mabatire mulibe ndalama zogulira.

Mwezi uno ukatha musadandiyankhe, nkhaniyi ndikaitula kwa a gulupu ndi kukomiti ya chitukuko ya ADC, kenako kwa khansala ndi kwa bwanamkubwa, ndipo malisiti ndi zithunzi za makompyuta ofundidwawo ndidzazitumiza kuofesi ya Ombudsman ndi kuwailesi. Musafufute uthengawu, chifukwa ndaujambula kale. Makolo ena amene mudalipira ngati ine, sungani malisiti anu ndipo mulembe m'munsimu kuti mudapereka zingati, kuti tikapite limodzi.