Thandizani achinyamata ojambula mafilimu m'Chichewa

A Mkonzi,

Ndine mdzukulu wa anthu amene anachoka ku Malawi kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a dziko lino la Zimbabwe. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 amavomereza Chichewa ngati chimodzi mwa zilankhulo 16 za boma, komabe achinyamata athu ofuna kupanga mafilimu m'chilankhulochi amajambulira mafoni obwereka, popeza alibe ndalama zogulira kamera, zojambulira mawu ngakhale kompyuta yolumikizira zithunzi.

Ndikupempha akuluakulu a bungwe loona za luso la National Arts Council of Zimbabwe kuti apatule thumba la ndalama la ongoyamba kumene, lothandizanso pa maphunziro a kalembedwe ka nkhani. Chikundiwawa kwambiri n'chakuti agogo athu, amene amakumbukira bwino ulendo umene unawafikitsa kuno, akutha mawu awo asanajambulidwe.

Ine wanu,
Wowerenga wa ku Mbare, Harare