Asiyeni ana asewere momwe akufunira

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhule ndi makolo komanso aphunzitsi anzanga a sukulu za mkombaphala. Zikundipweteka mtima kuti ana a zaka 3 kapena 4 tikuwakhazika pansi nthawi yaitali kuti aloweze zilembo, ngati kuti kusewera n'kutaya nthawi.

Mpatseni mwana katoni yopanda kanthu, timitengo, mchenga ndi madzi, inu mukhale chete. Katoniyo lero ndi galimoto, mawa ndi nyumba. Ana awiri akamalimbirana kuti woyendetsa akhale ndani, amaphunzira kudikira, kumvana ndi kufotokoza zakukhosi, zomwe sizilowezedwa pa bolodi. Nsanja ya timatabwa ikagwa, mwana amaimanganso mwa njira ina, ndipo pamenepo masamu wayamba kale. Chidole chongolira ukadina batani sichingamufikitse pamenepa.

Maganizowa ndi akale. Friedrich Froebel wa ku Germany, yemwe mu 1840 anatcha sukulu yake Kindergarten, anaika masewera patsogolo pophunzitsa ana aang'ono. Ndime 31 ya pangano la United Nations la mu 1989 lokhudza ufulu wa ana imati mwana ali ndi ufulu wosewera. Ku Finland ana amayamba pulaimale ali ndi zaka 7.

Sindikuti mphunzitsi apinde manja ayi. Aziyang'anira, aziteteza ana ku ngozi, azifunsa kuti, "Ukumanga chiyani?" osati kulamula chomanga. Chomwe ndikupempha ndi nthawi yokwanira, yosadukiza, tsiku lililonse, chifukwa mphindi 10 zimatha masewera asanayambe n'komwe kukoma.

Mphunzitsi wokhudzidwa