Pulogalamu yanu ya backup ikudula mafayilo aakulu, chonde konzani

Inu amene mumatigulitsa pulogalamu yokopera mafayilo pa ma seva a Linux, tikulemba poyera chifukwa makasitomala anu ena sakudziwa kuti ma backup awo (makope osungira a mafayilo) ndi oduka. Fayilo yaikulu, kaya ya 3 GB kaya ya 40 GB, ikumathera pa mabayiti 2,147,479,552 ndendende, pulogalamu yanu n'kulemba kuti zonse zatheka.

Wolemba mapulogalamu m'chilankhulo cha C aliyense akuidziwa nambala imeneyi. Linux silola sendfile(), read() kapena write(), malamulo amene pulogalamu imakopera nawo mafayilo, kusamutsa mabayiti oposa 0x7ffff000 (ndiyo 2,147,479,552 ija) pa ulendo umodzi, ngakhale pa makina a 64-bit. Yendetsani pulogalamu yanu ndi strace, chida choonetsa zimene pulogalamu ikupempha kwa Linux, muone nokha: sendfile() ikuitanidwa kamodzi kokha, ndipo palibe amene akuyang'ana nambala ya mabayiti opitadi imene yabweza. Pamafunika kubwereza: onani mabayiti amene apitadi, chotserani pa otsala, itananinso mpaka athe. Ikabweza -1 ndi EINTR, kutanthauza kuti yangosokonezedwa, yesaninso. Ikakhala ENOSPC ndiye kuti disiki yadzaza, imani pomwepo muuze mwini wake.

Chotipweteka kwambiri ndi O_TRUNC, imene imafufuta zonse za m'fayilo poitsegula. Mukumatsegula nayo fayilo yolandira, ndiye kope labwino la dzulo limafufutika musanalembe kanthu ka lero. Magetsi akazima pakati, munthu watsala manja lende: la dzulo lapita, la lero ndi theka. Ndipo wina akalakwitsa n'kupereka fayilo imodzimodzi mbali zonse ziwiri, imasanduka mabayiti 0, pomwe kufananiza st_dev ndi st_ino (manambala ozindikiritsa fayilo) kuchokera ku stat() kukanaipulumutsa.

Njira yake si yachilendo. Lembani kaye mu fayilo yongoyembekezera ya mkstemp(), mu foda yomweyo chifukwa rename(), imene idzaipatse dzina la fayilo yolandira, siwoloka kupita ku file system (gawo la disiki) ina. Fayilo ya mkstemp() imabadwa ndi zilolezo za 0600 (za mwini wake yekha), choncho bwezerani zoyambirira ndi fchmod(). Kenako fsync(), kuti zonse zilembedwedi pa disiki, n'kuona zimene close() yabweza, poti pa NFS (mafayilo osungidwa pa seva ina kudzera pa netiweki) zolakwika zina zimatulukira pamenepo. Zonse zikayenda bwino, m'pamene muchite rename().

Tikupempha mutulutse pulogalamu yokonzedwa, imene izifananiza kukula kwa mafayilo awiriwo isananene kuti yamaliza. Lemberaninso kasitomala aliyense kuti afufuze mafayilo a mabayiti 2,147,479,552 m'ma backup ake ndi kuwakoperanso, asanataye oyambirirawo.