Galu pa pikapu tisamamumange m'khosi

Akonzi,

Ndipatseniko kampata ndinene za agalu amene tikumawanyamula pa magalimoto. Ndikudziwa ena aseka kuti zinthu zavuta chonchi, fetereza wadula, munthu nkumalemba za galu, koma iyi ndi nkhani ya ngozi zapamsewu ndithu ndipo ikukhudza anthu omwe.

Kuno ku Kasungu amene amayenda pa M1 amaziona, pikapu ikuchokera ku esiteti ili pa sipidi, kumbuyo kuli chigalu cha ulonda atachimanga tcheni m'khosi, tcheniyo ataikoleka pa chitsulo cha bodi. Mwini wake amaona ngati wasamala. Tcheniyo ikakhala yaitali galu akangoona mbuzi pa Chinkhoma amalumpha nkulendewera m'mbali, dalaivala osadziwa kanthu, ndipo ikakhala yaifupi ndiye buleki yadzidzidzi basi thupi lonse limapita kutsogolo khosi nkutsala. Khosi la galu silingapirire zimenezo. Ena amamuika mkati momwe pa mpando wakumbuyo wa Sienta osamanga chilichonse, ati ndi wofatsa, ngati kuti ngozi imafunsa khalidwe.

Galimoto ikagunda chinthu pa makilomita 50 pa ola, chilichonse chosamangidwa chimapitirira pa liwiro lomwelo, ndipo mphamvu yake imafanana ndi kugwa kuchokera pamwamba pa mamita pafupifupi 10. Galu wa makilogalamu 25 ndi theka la thumba la fetereza, ndiye taganizani likuuluka kuchokera kumbuyo kukapeza mutu wa dalaivala kapena wa mwana. Komanso galu akapulumuka ngozi amakhala wamantha ndi wolusa, atha kuluma obwera kudzathandiza kapena kuthawira pamsewu nkuyambitsa ngozi ina.

Nde wina anena kuti tingogula malamba agalu a pa intaneti aja. Apa ndi pomwe ndikufuna tichenjere. Mu 2013 bungwe lina ku America, Center for Pet Safety, mothandizana ndi kampani ya Subaru linayesa malamba oterewa pogwiritsa ntchito zidole za agalu zolemera mosiyanasiyana, pa sipidi ya makilomita 48 pa ola monga amayesera mipando ya ana, ndipo mwa onse amene anayesedwa ndi mtundu umodzi wokha, Sleepypod Clickit Utility, umene unagwira bwino pa zidole zonse. Ena ulusi unathothoka, ena tizitsulo tinaduka, chidole nkuuluka. Pa paketi atalemba bwinobwino kuti ndi otetezeka! Ngati kumeneko zinali choncho, kuli bwanji malamba ogula pa Facebook opanda ndi dzina lomwe.

Zomwe zimafunika pa lamba wabwino sizachilendo. Azigwira pachifuwa ndi m'mapewa osati m'khosi, nsalu yake ikhale yotakata kuti mphamvu igawikane, zokolekera zikhale zachitsulo osati pulasitiki, ndipo chingwe cholumikiza ku lamba wa galimoto chikhale chachifupi kwambiri, chifukwa chikatalika galu amayamba wauluka kaye kenako nkudzakokedwa mwadzidzidzi, pamenepo ndi pomwe msana umathyoka. Galu azikhala mpando wakumbuyo, kutsogolo airbag, chithumba cha mpweya chotetezera anthu pa ngozi chija, ikaphulika imamupweteka. Mphaka kapena kagalu kakang'ono ndi bwino kukaika m'kabokosi kolimba kokhala ndi mabowo, pansi kuseri kwa mpando wakutsogolo.

Koma ife kuno ambiri ndi a mapikapu, ndiye kwa ine yankho lenileni ndi khola lachitsulo, ndipo ili sitikusowa kuitanitsa ku Johannesburg. Anyamata owotcherera pa boma pano amapanga mageti, mabedi, ngolo, angalephere khola? Lingokhala la saizi yoti galu aime, atembenuke ndi kugona basi, likakula kwambiri amakaombeka mkati momwemo. Likhale logundana ndi mutu wa pikapu, lomangidwa ndi mabauti pa bodi osati ndi mphira wa njinga, mkati musakhale nsonga za waya, pamwamba pakhale mthunzi ndipo pansi thabwa chifukwa chitsulo cha bodi mu Okutobala chimaotcha mapazi. Matelala athu nawonso atha kusoka malamba apachifuwa, kungoti kusoka kokongola sikutanthauza kulimba, pafunika wina ayese.

Ndiye pempho langa likupita kwa ophunzira za uinjiniya ku MUBAS ndi m'makoleji a TEVETA, bwanji wina atenge imeneyi ngati pulojekiti, apange khola ndi lamba ndi zipangizo zopezeka kuno, a Malawi Bureau of Standards ayese kulimba kwake, kenako miyeso yake igawidwe kwa owotcherera ndi matelala m'maboma. Ku Britain malamulo apamsewu, pa nambala 57, amanena poyera kuti chiweto chizimangidwa moyenera m'galimoto kuti chisasokoneze woyendetsa kapena kuvulaza anthu akaima mwadzidzidzi, a Road Traffic athu athanso kuikako mawu ngati amenewa pophunzitsa madalaivala. Ndipo alangizi a ziweto, nthawi ya katemera wa chiwewe ija anthu amabwera ndi agalu ambirimbiri, ena pa njinga ena pa galimoto, muziwauzako pomwepo za kamangidwe kake.

Wowerenga wanu,
Kasungu boma