Kwa mnzanga wa ku Johannesburg, za khadi la mwana

Ulónguè, Angónia, Mozambique

Mnzanga wokondedwa,

Kalata yako yafika. Masamba awiri onse nkhawa yokhayokha, moni wathu wabwera kumapeto penipeni. Iwe sudzasintha! Kuno tili bwino, kungoti chisanu chayamba molawirira. Ukwati wa mng'ono wako unayenda bwino, zambiri akuuza alamu ako.

Ukufunsa ngati makilo 9 amene amayi anakuuza pafoni ndi okwanira kwa mwana wa chaka ndi miyezi itatu. Nambalayo payokha sikundiopsa, koma sikundiuzanso zambiri. Chofunika ndi kumene mwanayo akuchokera ndi kumene akulowera. Uwauze amayi atsegule khadi la kusikelo, patsamba la mizere yokhotakhota lija. M'munsi muli miyezi ya mwana, m'mbali muli makilo, ndipo mwana akayezedwa namwino amaika kadontho pamene ziwirizi zakumana. Alumikize timadonthoto ndi pensulo, kenako alondole mzerewo ndi chala. Chala chikamakwera, mwana akukula. Chikayenda chogona kwa miyezi iwiri, chilipo chikumudya, kaya kutsegula m'mimba, malungo, kapena phala lamadzimadzi lopanda nsinjiro. Chikatsika, asadikire tsiku la sikelo. Zolemba zili m'Chipwitikizi ndipo amayi sachiwerenga, koma mzere wokwera ndi wotsika awusiyanitsa popanda wowamasulira.

Kadontho kamanamanso nthawi zina. Nyengo ino ana amapachikidwa pasikelo atavala juzi, chipewa ndi nsapato chifukwa agogo akuopa chifuwa, ndiye mwezi wotsatira akayezedwa wovula zimaoneka ngati watsika. Pena mwezi wobadwa unawerengedwa molakwika, timadontho tonse n'kugwera m'malo osayenera.

Koma chimene chikundisowetsa mtendere ndi makhadi awiri aja. Amalume ako akuti mwanayo akadwala amamudutsitsa pachipata cha m'malire cha Calómuè kupita naye ku Dedza, ndipo kumeneko ali ndi kabuku kena. Sindikuwaimba mlandu, mwana akatentha thupi munthu amathamangira kumene akuona kuti athandizidwa. Koma taganiza: timadontho tina tili m'kabuku ka ku Malawi, tina pakhadi la kuno. Namwino wa uku akuona theka, wa uko theka linalo, ndipo miyezi imene mwana anadwala, yomwe ndiyo yofunika kuiona, ndi imene ikusowa pamzere. Katemera nayenso angathe kudumphidwa, aliyense akuyesa kuti anabayidwa kwinako. Chonde, chonde, makhadi onsewo aziyenda limodzi, m'kajumbo kamodzi, osati kuwasomeka kudenga la kukhitchini kumene utsi umafafaniza zonse. Ndalama ukutumiza, nsapato za mwana ukutumiza, kajumbo kokha kakukanike?

Chinanso, apemphe wazaumoyo wa m'mudzi awaonetse kalamba koyezera mkono. Kamagwira ntchito kwa ana a miyezi 6 mpaka zaka 5. Apinde mkono wamanzere, apeze pakati pa phewa ndi chigongono, kenako mkonowo augwetse pansi momasuka n'kuzunguliza kalambako, osafinya, osalekereranso. Pobiriwira, kuyambira masentimita 12.5 kupita m'mwamba, mwana ali bwino. Pachikasu, pakati pa 11.5 ndi 12.5, wayamba kunyentchera. Pofiira, kutsika pa 11.5, ndi kuchipatala tsiku lomwelo, akamuyeze ndi kumuyambitsa chiponde. Adinenso pamwamba pa mapazi onse awiri ndi zala zazikulu, awerenge mpaka katatu. Pakatsala timaenje, kumeneko si kunenepa ayi, ndi kutupa, ndipo n'koopsa ngakhale kalamba kataonetsa pobiriwira.

Pepala landithera, mnzanga, ndipo za BP ya amayi sindinayambe n'komwe. Kumutu kwa khadi lawo alembetse 140 ndi 90, pamene BP yokwera imayambira, ndi cholembera chofiira, kuti nambala iliyonse yatsopano aziiyerekeza ndi zimenezo, chifukwa mapiritsi aja akumwa modumphadumpha, akuti mutu ukasiya kuwawa ndiye kuti achira.

Ndine mnzako wa ku Ulónguè