Kalata kwa Takondwa

Takondwa mwanangu,

Loweruka likubwerali ukwanitsa zaka 7, eti? Iwe amene ndinkakubereka kumsana uja! Mano agweruka angati? Agogo akuti ukangomva sitima ya malasha ikulira umathamangira ku njanji, phala n'kulisiya. Ayi mwanangu, uziimira patali. Mabogi ungathe kuwawerenga uli pakhonde. Wamva?

Kuno ku Switzerland kunali bambo wina wokonda sitima ngati iweyo, dzina lake Arthur Honegger. Anabadwira ku Le Havre, ku France, mu 1892, koma makolo ake anali a ku Zürich. Ntchito yake inali yopeka nyimbo. Mu 1923 anapeka ina yopanda mawu, ya malipenga, mavayolini ndi ng'oma basi, n'kuitcha Pacific 231, dzina la injini ya sitima yoyendera nthunzi. Ukaiyang'ana chakumbali injiniyo, umaona mawilo awiri aang'ono kutsogolo, atatu akuluakulu pakati, ndi limodzi kumbuyo. Tajambula ndione.

Dzulo ndinaitsegula pafoni ndikuphika nsima. Pawindo panali mphaka wa aneba, wonenepa, wa mangamanga, amene amabwera akamva fungo la usipa umene amayi ako ananditumizira. Nyimboyo imayamba mwakachetechete, sitima ili chiimire, ikungopuma fwiii. Mphaka anangotukula khutu limodzi. Kenako mawilo anayamba kuyenda, gu... gu... gu, molemera. Anatukula lachiwiri, mchira uli gwedegwede. Liwiro litakula, malipenga onse akulira, anaimirira, ubweya uli nyankhalala, n'kusuzumira kuseri kwa foni kufuna kuona chilombocho. Anaiponda kamodzi ndi phazi. Ng'oma itagunda mwamphamvu, phulu! Anadutsa pakati pa miyendo yanga n'kukalowa pansi pa bedi. Ndinaseka mpaka nsima inatsala pang'ono kupserera. Sitima itaima, anatuluka akudzinyambita ngati sipanachitike kanthu, n'kupemphanso usipa.

Kodi galu wathu uja akadaopabe mabingu? Nanga mvula yayamba? Usamayende wopanda juzi m'mawa, chifuwa chako ndimachidziwa.

Bambo Honegger aja anapekanso nyimbo yaitali ya Mfumu Davide, yemwe uja wa Goliati amene mumaphunzira ku Sande sukulu. Anaiimba koyamba mu 1921 m'mudzi wina wotchedwa Mézières, pafupi ndi Lausanne, m'nyumba ya zisudzo yamatabwa. Ina ndi ya mpira wa rugby. Anamwalira mu 1955, agogo ako asanabadwe, ndipo nkhope yake anadzaiika pa ndalama yapepala ya 20 francs. Ine pa zonsezi ndimakonda ya sitima ija, ngakhale ena amati ndi phokoso.

Uwapemphe amalume akutsegulire pafoni yawo, ndi ya mphindi zochepa, isawadyere bandulo. Ukamvetsera undiuze pamene sitimayo yayamba kuthamanga. Nsapato ndatumiza, zikakula usadandaule, uzikulira momwemo. Keke umugawireko mlongo wako.

Upereke moni kwa agogo, uwauze azimwa mankhwala awo.

Ndine azakhali ako okukonda